Makatani a Anansi Athu

Makatani aja anali obiriwira, olemera ngati bulangete, ndipo ankanunkhira khofi ndi lubani. Sanali athu. Anatipatsa ndi amayi ake a mnzanga, amene tinkayang'anizana nawo zitseko pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana ku Pollokshields, mumzinda wa Glasgow. Iwo anali Aluya ochokera kumpoto kwa Africa, ife Amalawi osajomba kutchalitchi, koma ine ndi mnzangayo tinkalimbirana chipeso ngati ana a bere limodzi.

Bambo ake anali dokotala wa maso. Kwa zaka zambiri sakanatha kuponda kwawo chifukwa anali m'gulu la ndale la Chisilamu limene boma linaletsa. Kenako zinthu zinatembenuka, gululo linapambana chisankho, ndipo iwo anatsogola kukathandiza boma latsopano. Banja linayenera kuwatsatira sukulu ikatseka. N'chifukwa chake anamasula makatani, katundu yense n'kumulongedza m'makatoni. Aphunzitsi atatiuza kuti tijambule khadi lotsanzikana, ine ndinapinda manja, osakhudza n'choko chomwe.

Tsiku lina masana tinamva kulira kuseri kwa khoma. Amayi anali atangoweruka kumene kuchipatala. Sanafunse kanthu. Anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, natenga shuga ndi masamba a tiyi, ine pambuyo pawo. Atalowa kwa anansi athuwo anavula nsapato n'kukhala pansi, miyendo chotambasula, mutu chowerama, monga tichitira pamaliro. Patapita nthawi ndi pamene anafunsa chapansipansi kuti watisiya ndani. Panalibe womwalira. Pakanema panali utsi ndi magalimoto ankhondo. Asilikali anali atalanda boma kwawo kuja, bambo a mnzanga atawatenga, ndipo kumene anapita nawo palibe ankadziwa. Amayi sanadzuke. Anangoti, "Ndi maliro ndithu amenewa."

Lachisanu lililonse amuna a gululo okhala ku Glasgow ankabwera kudzapepesa, kenako n'kumakangana pamasitepe mpaka kuiwala kutsika. Malume anga, amene tinkakhala nawo ndipo ankawanyamula amunawo pa tekisi yawo, ndiwo ankatiuza zimene akukangana. Ena ankati mtengo wozika mizu ukaudula umaphukanso. Ena ankati gululo linadzikumbira lokha dzenje pothamangira mpando n'kuiwala anthu amene sanalivotere. Malume ankamaliza ndi mawu awo a masiku onse: "Andale ndi amodzi basi, kaya avale mkanjo kaya kolala." Mpaka lero ndimamva anthu ophunzira pawailesi akufunsana ngati gululo lidzadzukenso kapena linatheratu. Ndimazimitsa, chifukwa mtima umandiwawa. Onse amadziwa za tsogolo la gululo, koma palibe anabwerapo kudzatiuza kumene kuli bambo a mnzanga. Bambowo sanabwerenso.

Kuzizira kutayamba, mdima ukugwa tisanafike n'komwe kunyumba pochokera kusukulu, amayi anachapa makatani aja, kuwasita, n'kukawabweza. Mayi a mnzanga anawakankhiranso m'manja mwa amayi mwaulemu. "Mwezi wamawa tikupita," anatero. Nyengo yonse yozizira mawindo awo anakhala osaphimba. Mbale ankaitenga m'katoni, akadyeramo n'kuitsuka, ankaibwezera momwemo.

Ine ndinkangoona chinthu chimodzi: mnzanga sanapite. M'kalasi anakhalanso pambali panga, ngakhale anali atasiya kuseka ndipo nsalu yake yakumutu ankangoitafuna kunsonga. Lamlungu lina titachokera kutchalitchi, amayi anandiuza kuti ndipempherere chakudya. Ndinatsinzina mwamphamvu, ndipo m'Chingerezi changa cha ku Glasgow chija ndinathokoza Mulungu ndi mtima wonse chifukwa chomva kulira kwanga n'kuletsa ulendo wa mnzanga.

Malume anatsokomola. Amayi sananene ameni. Anadzuka n'kukadzitsekera kubafa, ndipo tinkamva madzi a pampope akungotayika. Mpunga unazizira m'mbale. Ine ndinatsala pomwepo, manja pamiyendo, ndikuganiza kuti akwiya chifukwa ndaiwala kudalitsa chakudya.