Chumuni Chimene Anadula Achimwene

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe tinavotera matipate, mwamuna wanga atangomwalira. Nyumba yathu ya ku Bangwe ndinasiyira achimwene anga a Layisoni ndi akazi awo. M'khitchini munali chitofu cha nkhuni chimene malemuwo anandiwotcheretsera ku Ndirande, chumuni chake chotulukira padenga. Ndinkaphikirapo masikono ogulitsa.

Ku Joni ndinkachapa ndi kusita kwa azungu. Ndinkagona m'kachipinda kozizira kuseri kwa galaja, mwezi kutha osayankhula Chinyanja ndi munthu. Ndalama ndinkapatsira madalaivala a mathiraki, ndipo uthenga wobwera nawo sunkasintha: "Kuno kuli bwino, onjezerani."

Nditabwerako ndinapeza alamu akuphika pambaula pakhonde.

"Chitofu chanucho chinatha ntchito," anatero osadzuka n'komwe. "Utsi wokhawokha."

M'mawa mwake ndinakoleza. Moto unkangonyeka mofooka, utsi n'kumandibwerera m'maso. Ndinakayikira nkhuni, ndinakagula zouma za bulugama. Ndinawola phulusa, ndinatokosa timabowo tolowera mpweya, koma osasintha. Nditagogoda paipi ya chumuni, mwaye unagwa wochepa. Apo m'pamene ndinaona kuti zenera la khitchini analitseka ndi njerwa.

Ndinazungulira kuseri. Achimwene anali atamanga chipinda cha lendi chogundana ndi khoma langa. Chumuni anachidula kuti malata awo adutse pamwamba, kukamwa kwake n'kuvindikira ndi chitini chophwanya.

"Achimwene, nanga utsi uzitulukira kuti?"

"Iwe unkadya masoseji ku Joni ife tikukulonderera nyumba. Lero uzindifunsa za utsi?"

"Tiboole lata limodzi, ndilumikize paipi."

"Ungoyerekeza kukhudza denga limenelo, uona."

Ndinabwereka makwerero kwa aneba n'kukwera ndekha, chitenje nditamanga m'chiuno. Ndinachotsa chitinicho, ndinaboola lata, ndinalumikiza paipi yaitali kupitirira denga lawolo. Alamu ankatukwana pansi kuti Joni yandipengetsa. Nditatsika ndinagumula njerwa za pazenera.

Nditakolezanso, moto unalilima, utsi unakwera bwinobwino, chitsulo chinatentha mpaka kufiira. Masikono anapsa bwino ngati kale. Ndinawaika m'mbale n'kupita nawo pabalaza pomwe banja lonse linakhala.

Achimwene anakankha mbaleyo ndi chala n'kuyang'ana ana awo.

"Musadye za mlendo."

Ndinaima pomwepo, m'nyumba yomwe ndinamanga ndi mwamuna wanga, popanda wondiuza kuti khalani pansi.