Maso a banja la a Mphezi

Mageti onse a mumsewu wa kuseri kwa fakitale anatuluka m'shedi imodzi, ya banja la a Mphezi. Dzinali linayamba ndi bambo awo, amene atachotsedwa ntchito kufakitale anapeza makina akale owotcherera n'kuyamba kulumikiza zitsulo pakhomo. Anthu poona kung'anima pa malata anawapatsa dzinalo, ndipo mwana wawo, a Mphezi a lerowa, analilowa pamodzi ndi shediyo.

Banjali linali ndi kawotchereredwe kakekake. Chigoba choteteza maso, cha galasi lakuda, sankavala. Munthu ankaloza waya pamfundo, kutsinzina moto ukamathetheka, kutsegula maso, kulozanso. "Chigoba n'cha ophunzira," ankatero bambowo. Anamwalira akuyenda chogwira khoma, anthu n'kumati ndi ukalamba.

A Mphezi anawotcherera chomwecho mpaka imvi. M'maso mukamva ngati mwalowa mchenga, akazi awo ankawaphimba ndi nsalu yonyowa, kukacha ulendo kushedi. Kenako mfundo zinayamba kupotoka. Geti la aphunzitsi a pakona linakana kutseka. Kuchipatala atawayeza maso anawauza mosapsatira kuti chapsa chapsa, sichibwerera.

Kuyambira pamenepo ankangokhala pampando pakhomo pa shedi, akuona dziko ngati madzi a sopo. Makina anatsala m'manja mwa mwana wawo wamwamuna, bambo wa ana awiri, amene iwo omwe anamuphunzitsa kutsinzina. Mlongo wake anamugulira chigoba, iye n'kuchikoleka pamsomali. A Mphezi akachipapasa, zala zinkabwera ndi fumbi.

"Iwe, vala chija," anatero tsiku lina makina atalira.

"Chimatentha, bambo. Ndiponso m'menemo simuoneka kanthu."

"Nanga muno mwangamu mukuoneka chiyani?"

Mwanayo anaseka. "Inu ndi shuga ameneyo. Agogo anavalapo chigoba?"

"Agogo ako ankasochera popita kuchimbudzi."

"Chabwino, ndivala ndikamaliza getili. Mwini wake akubwera."

Geti linatha, panabwera mawindo, kenako bedi la anamwino. A Mphezi anadandaulira mpongozi wawo, iye anati, "Ndingatani ine, bambo? Amati akugwira ngati inu." A Mphezi anabisa waya wowotcherera pansi pa matiresi, mwanayo anakatenga wina kusitolo. Pomaliza anasiya kulankhula. Ankangotchera khutu: kuthetheka, kuleka, kuthetheka, ndendende mmene anamuphunzitsira, osaphonya.

M'mawa wina mwanayo anakokera chitsulo panja, anaima nthawi yaitali osayatsa makina. A Mphezi anamumva akupukuta kumaso ndi malaya.

"Bambo, chifunga cha chaka chino ndiye chakakamira. Mpaka pano osachoka."

Dzuwa linali likuwotcha mawondo a Mphezi. Kutsidya kwa msewu mayi wina ankakuntha zovala zouma kale.

"Mwanawe, tabwera kuno."

"Dikirani kaye, ndingomata apa."

Makina analira.