Kompyuta Yofunda Kapulana

Chaka choyamba ku yunivesite ku Cuamba tinkaphunzira chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta chotchedwa C, chimene chimafuna kuti ukatenga malo mu memoriya ya kompyuta, uwabweze wekha. Ine ndinaiwala kubweza. Pulogalamu yanga inadya malo onse, ndipo kompyuta imene tinkasinthana ndi Amina, mnzanga wa ku Mandimba, inangouma gwa, ntchito yonse ya Amina n'kutayika.

"Waitani iwe?" anandifunsa.

"Si ine, ndi fumbi la kunoli," ndinayankha, maso ali kudenga.

Anakhulupirira. M'mawa mwake anabwera ndi kapulana, chitenje cha amayi ake, n'kuifunditsa kompyutayo. Mpaka tinamaliza maphunziro ankaifunditsa tikamaweruka, ine n'kumamugwirira mbali inayo mopanda manyazi.

Masiku amenewo ndimawasowa. Amina, fumbi lija ndinali ine.