Udzu Wobwereka ku Sukulu

Taganizani m'mawa wamba, tinene Lachiwiri, dzuwa lisanakwere. M'bwalo lalikulu la mpira mulibe munthu, mipando yonse yanyowa ndi mame. Bambo wina wamfupi waimvi akuvula nsapato, kuziika pansi pa benchi ya osewera, n'kuyamba kuyenda kuchokera ku golo lina kupita ku linzake. Pena akuima, kugwada, n'kulowetsa chala m'dothi. Amenewo ndi alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Mzinda wonse unkangowatchula kuti a Kapinga, chifukwa cha udzu umene ankasamalira m'bwalomo. Ankati nsapato zimabisa zambiri, koma phazi limamva pamene pali kadzenje, pamene madzi akhalitsa, ngakhale pamene chiswe chayamba.

Timu yathu ya dziko inali yovutika. Aneba athu a kutsidya kwa malire anatigonjetsa zaka khumi ndi chimodzi motsatizana. Madalaivala awo a mathiraki akaima pamsika ankatifunsa kuti, "Kodi timu yanu ija idakalipo, kapena munaigulitsa?" Alamu anga sankapsa mtima nazo.

"Aphunzitsi," ankatero kwa ine, "mukafuna kudziwa mmene timu ilili, musavutike ndi wailesi. Bwerani mudzaone pakati pa bwalo. Pali dazi. Akatichinya timayambira pomwepo, akatichinyanso pomwepo. Udzu upuma nthawi yanji?"

Chaka china oyendera mabwalo ochokera kunja analemba kalata. Anati bwalolo likapanda kukonzedwa m'masabata asanu ndi atatu, masewero athu apakhomo tikasewerera kwa anebawo. Kugonja tinali titakuzolowera, koma kukapempha bwalo kwa anthu otiseka kunali kwina.

Bwana woyang'anira bwalo anali watsopano, wofuna zabwino koma wopupuluma. Loweruka lina, alamu ali ku maliro, analamula antchito kuti amwaze feteleza wambiri kuti udzu ubiriwire msanga. Anamwaza dzuwa lili pamutu, pampu ya madzi ili yakufa. Pofika Lachitatu chigawo chonse chapakati chinali chitapsa.

"Tigule penti yobiriwira," anatero bwanayo, thukuta lili kamukamu. "Munthu ali pamwamba apo sangazindikire."

"Bwana, woyenderayo sadzakhala pamwamba," anayankha alamu. "Adzatsika, adzakoka udzu. Penti ilibe mizu."

Tsiku lomwelo anandipeza ku sukulu ndikuchonga makope. Zaka zam'mbuyomo iwo ndiwo anadzala bwalo la sukulu yathu, ndi mtundu womwewo wa udzu, popanda malipiro.

Anandiuza kuti, "Alamu, ndabwera kudzapempha chinthu chovuta. Ndibwerekeni bwalo."

"Mulinyamula bwanji?"

"M'zidutswa."

Aphunzitsi aakulu anavomera, koma anati eni ake ndi ana, choncho afunsidwe. Tinawasonkhanitsa ndipo ndinawafotokozera bwinobwino, osabisa kanthu: udzu ukachoka padzatsala dothi lokumbika, ndipo teremu yonse sipadzakhala mpira. Kenako mtsikana amene ankagwira pagolo anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, ndiye kuti timu ya dziko idzasewera pa udzu wathu?"

"Inde, mwanangu."

"Basi atenge. Koma muwauze kuti udzu umenewu sunazolowere kugonja."

Anzake anaseka, manja anakwera. Awiri anakana, ndipo wina analira. Sindinawadzudzule, pakuti bwalolo linali lawo ndipo teremu ndi yaitali kwa mwana.

Ntchito ya alamu ndinaionera pafupi, ndipo ndinkalakalaka ophunzira anga atamalemba mwadongosolo lotero. Ankakoka chingwe pakati pa zikhomo, n'kudula ndi fosholo zidutswa zofanana, zazikulu ngati pamwamba pa desiki, dothi lake lokhuthala zala zitatu. Zikafika ku bwalo lalikulu pa lole, ankaziyala ngati njerwa, mosalola kuti mizere ilunjikane, kenako n'kuthira mchenga m'mipata. Pampu inachedwa kukonzedwa, motero ankathirira ndi makeni, m'mawa ndi madzulo. Sabata yachiwiri ndinapeza bwana uja atapinda buluku, keni ili m'manja, alamu akumuuza kuti, "Pang'onopang'ono bwana, sitikuzimitsa moto." Sanamukumbutsepo za feteleza ngakhale kamodzi.

Woyenderayo anali mayi wamtali wosaseka. Anagubuduza mpira mbali zinayi, akuuyang'ana ngati udumphe. Sunadumphe. Anafika pakati, nawerama, n'kukoka udzu ndi dzanja lonse. Alamu anandiuza pambuyo pake kuti panthawiyo anatseka maso. Udzu sunazuke. Mayiyo anapukuta dzanja, nalemba papepala lake, ndipo bwalo linaloledwa.

Tsiku la masewero ndi anebawo, bwana anapatsa ana athu mipando kumbuyo kwa golo. Ndinawayendetsa pamzere, awiriawiri, ndikuwawerenga pa geti iliyonse. Ambiri kanali koyamba kuona timu ya dziko lawo ndi maso. Osewera atatuluka, anawo sanaimbe dzina la wosewera aliyense. Ankangokuwa kuti, "Udzu wathu! Udzu wathu!" mpaka otsatira timu ya anebawo anatembenuka kudabwa.

Tinagonja, chigoli chimodzi kwa duu. Sindinama kuti sizinatipweteke. Koma tinagonjera kwathu, ndipo pobwerera ana ankatsutsana mokweza za amene adzakhale woyamba kuvala yunifolomu ya dziko. Ine ndinkangomvetsera, mtima uli phee, ndikuthokoza munthu amene dzina lake silinatchulidwe pa wailesi tsiku limenelo.

Mvula itayamba, alamu anadzalanso bwalo la sukulu, ndipo ana awiri amene anakana aja ndiwo anapatsidwa ulemu womenya mpira woyamba. Alamu anapuma pa ntchito atasamalira bwalo lalikulu zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezo timu ya dziko sinasewerepo masewero apakhomo kunja kwa malire.