Mayi Pacheco ndi Mtengo Wawo Wonunkha

Akuti Mayi Lurdes Pacheco anathira mkwatibwi ndowe za akavalo. Mukafunsa pamalo omwera khofi pakona pa msewu wa Dundas, akuuzani kuti anamuthira ndi fosholo, kumaso kwenikweniku. Mukafika kwa wometa, fosholo ija yakula kale, yasanduka wilibala, ndipo mkwatibwiyo tsopano anali ndi pakati. Mlamu wanga, amene tsikulo anali ku Hamilton kokazulitsa dzino, amalumbira kuti anaona ndi maso ake. Mabodza okhaokha! Anthu a muno mu Toronto chisanu chimawatsekera m'nyumba miyezi isanu, ndiye chikangowamasula, pakamwa sipatsekekanso.

Ndowe zinalipo, zimenezo sitikana. Mkwatibwi analiponso. Koma nkhani yake siili choncho.

Mayi Pacheco anabwera muno ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kuchokera ku chilumba cha Apwitikizi cha São Miguel, atavala jekete ya mlongo wawo yofika m'mawondo. Sukulu anaitsanzika msanga nkukalowa fakitale ku Spadina, kumene anasoka makolala a malaya mpaka maso anayamba kuona makolala ngakhale m'tchalitchi. Anakwatiwa ndi Armindo, mmisiri wa simenti, munthu wabwino mtima koma wodana ndi dothi ngati linamutukwana. Chaka choyamba cha ukwati Armindo anathira simenti bwalo lonse la kumaso, monga amachitira amuna onse a mumsewu mwawo. Chaka chachiwiri anayamba kusuzumira kuseri. Mkazi wake anaima pakhomo ndi chikolopa m'manja namuuza kuti akangolowa ndi thumba limodzi la simenti, thumbalo ndi limene lizimuphikira. Kuseriko kuli dothi mpaka lero, ndipo kabichi wake amatalika kuposa Armindo.

Fakitale itatsekedwa, Mayi Pacheco analowa ntchito ya m'mapaki a mzinda. Pano zakwana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe chaka chimene sanakalipe. Amakalipira agalu, amakalipira eni agalu, amakalipira agologolo ofukula maluwa ndi agogo owapatsa mtedza. Koma ukali wawo weniweni amausunga, amauyembekezera sabata imodzi ija ya kumapeto kwa Epulo, mitengo ya matcheri ikachita maluwa pachitunda cha pamwamba pa dziwe, m'paki yaikulu imene iwo amagwiramo ntchito.

Inu mukudziwa mmene zimakhalira. Mzinda wonse umakhuthukira m'paki. Anthu amene chaka chonse sangasiyanitse mtengo ndi mzati wa magetsi amafika ndi mabulangete, mipando, makanda, ndi agalu ovala majuzi. Maluwa sawayang'ana ayi, amawafulatira nkukweza foni. Ndipo pali kamchitidwe kena kamene kanabwera ndi mafoniwa: wina amaima pansi akusekerera, mnzake nkugwira nthambi nkuigwedeza kuti timaluwa tiyoyokere pamutu. Duwa limene mtengo walikonza chaka chathunthu, iwo amaligwetsa kuti azakhali awo a ku Mississauga aone kuti anthu akusangalala.

Pachitundapo pali mtengo umodzi wakale kuposa yonse, wopindika, woyedzamira pamzati wachitsulo. Mayi Pacheco amautcha Apongozi, ati chifukwa chaka chilichonse umaoneka ngati ukutsanzika koma osapita. Ndi umenenso umachita maluwa ambiri, ndiye aliyense amafuna chithunzi chake pamenepo.

Chaka chatha, masamba akuyoyoka, kunabwera katswiri wa mitengo wa mzinda, Mayi Fenwick, munthu wosaseka, woyenda ndi ndodo yachitsulo yokhala ndi kachizindikiro kofiira pakati. Anaizika pansi pa Apongozi, kuitsamira ndi thupi lonse. Ndodo inalowa kutalika kwa chala basi.

"Dothi ili lasanduka msewu, mizu sikupuma," anatero. "Ndibweranso mu Juni. Ndodoyi ikakalephera kulowa mpaka pofiirapa, ndipaka penti pathunthu. Mukudziwa tanthauzo la penti."

Ndani sadziwa? Penti ikapakidwa Lolemba, Lachinayi amabwera a macheka.

Mayi Pacheco anagwada pansi pa mtengowo masabata atatu, kuboola dothi ndi foloko yolimira pang'onopang'ono kuti asapweteke mizu, kuthira utuchi, kuboolanso, mpaka chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chinawathamangitsa. Pofika Epulo dothi linali litafewa ngati buledi wotentha. Chotsala chinali chimodzi: lisapondedwe sabata ya maluwa.

Anapita kwa woyang'anira paki, Bwana Prentice, mnyamata wa tayi amene anabadwa iwo atayamba kale ntchito, kukapempha mpanda.

"Mpanda ayi, Mayi Pacheco," anatero bwanayo akumwetulira. "Mpanda umaipitsa zithunzi. Tiikapo chingwe ndi kachikwangwani. Anthu a muno ndi aulemu."

"Aulemu? Bwana, munayamba mwawaonapo Loweruka? Kapena Loweruka mumakhala mukupumitsa tayi?"

"Tiyeni tiwakhulupirire."

"Inu akhulupirireni. Ine ndimatola matewera awo."

Chingwe chinaikidwa, choonda ngati chomangira soseji. Loweruka maluwa anatseguka onse nthawi imodzi. Pofika pakati pa mmawa chingwe chinali pansi, kachikwangwani wina atayanikapo jekete. Mabanja atatu anayala mabulangete pamizu penipeni. Bambo wina wamimba anakwera pamphanda kuti mkazi wake amujambule ali ngati mbalame. Mayi Pacheco anathamangitsa awa, uku kwalowa ena. Anakalipa m'Chingerezi, Chingerezi chitatha anakalipa m'Chipwitikizi, ndipo anthu anawajambulanso iwo, poyesa ndi mbali ya chisangalalo. Madzulo anazika chala chawo m'dothi. Theka la ntchito yawo ya masabata atatu linali litapita, tsiku limodzi lokha. Kunatsala masiku ena asanu ndi limodzi.

Anakhala pabenchi, mawu atasasa. Mnzawo wa pantchito, Desmond Ramlal wa ku Guyana, amene akhala akukangana naye zaka makumi awiri, anawapatsa khofi.

"Achemwali, mufa ndi mtima chifukwa cha nkhuni," anatero Desmond.

"Nkhuni ndi mutu wakowo."

"Ndikungonena. Anthu awa chingwe saopa, chikwangwani sawerenga, inu amakuyesani sewero. Chimene amaopa n'chimodzi chokha, kudetsa nsapato."

Mayi Pacheco anasiya kumwa khofi. Anatembenukira Desmond.

"Iwe Desmond, msuweni wako uja akugwirabe ntchito kukhola la akavalo?"

"Ayi, ayi, ayi. Ine sindinanene kanthu."

"Muimbire."

Lamulungu mmawa, anthu asanadzuke bwino, galimoto ya msuweniyo inaima pachipata cha antchito itadzaza mpaka pamwamba. Sizinali ndowe zakale zija zouma, zosanunkha, zogulitsa m'matumba. Zinali za sabata yomweyo, zosakaniza ndi udzu wa m'khola, zikufuka nthunzi. Mayi Pacheco anaziwaza pamwamba pa utuchi kuzungulira mtengo wonse, mpaka pamene nthambi zimalekezera, koma pafupi ndi thunthu anasiya mpata kuti khungwa lisapse. Munthu wokwiya, koma ntchito amaidziwa. Atatha anakoka payipi nkuzinyowetsa bwinobwino.

"Madziwo ndi a chiyaninso?" anafunsa Desmond atatseka mphuno ndi chipewa.

"Dikira dzuwa litenthe. Uzimva zikuyimba."

Zinayimbadi. Khamu linafika ngati dzulo lake, likuthamangira Apongozi, koma litatsala mapazi khumi linangoima ngati lagunda galasi. Amayi anakweza makanda m'mwamba. Agalu okha ndi amene anasangalala. Anthu anajambula ali patali, ena atagwira mphuno, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri mtengo uja unaoneka wonse, kuyambira pansi mpaka kunsonga, popanda mimba ya munthu pamphanda. Mayi Pacheco anamanganso chingwe chija, nkuima pambali ndi foloko yawo ngati msilikali.

Cha m'masana kunafika ukwati. Kutsogolo kunali wojambula, mkulu wa ndevu zopaka mafuta, makamera awiri pakhosi, makwerero paphewa. Akuti maukwati ake onse amawajambulira pamtengo umenewo. Anakweza chingwe osafunsa.

"Bambo, bwezerani chingwecho," anatero Mayi Pacheco.

"Ndili ndi chilolezo, mayi."

"Chilolezo cha paki. Cha mtengo uwu chili ndi ine. Komanso simukumva fungo? Mphuno munaisiya m'galimoto?"

"Fungo silituluka pachithunzi. Mphindi ziwiri zokha." Anatembenukira mkwatibwi. "Bwera, mwana wanga, uziponda pamene pali udzu."

Mayi Pacheco analankhula ndi mtsikanayo mwachindunji. "Iwe mwana, tamvera. Chili pansi pa udzuwo si keke. Ndi gogoda zakozo umira."

Mtsikanayo anayang'ana wojambula, anayang'ana mwamuna wake, amene anangoti kakasi ngati wabwereka suti ndi mutu womwe. Kenako anakweza diresi nkulowa, akunyang'ama. Anafika pansi pa nthambi yaikulu. Mpaka apo zinthu zinali bwino, ndipo Mayi Pacheco anali atadziluma lilime. Koma wojambula ali pamakwerero anafuula:

"Akamwini, gwirani nthambiyo! Gwedezani mwamphamvu!"

Mkwati anagwira nthambi ya Apongozi, ija yoyedzamira pachitsulo, nkuikoka. Inalira kuti kwee.

Mawu a Mayi Pacheco amene anali atasasa dzulo lake anabwerera onse nthawi imodzi. "Siya! Siya nthambiyo, chitsiru iwe, ndisanakuthyole dzanja!" Abakha a padziwe anauluka. Mkwati anasiya nthambi nkudumphira kumbuyo. Mkwatibwi anatembenuka ndi mantha, gogoda imodzi inamira mpaka m'kakolo, inzake inatsala m'mwamba, ndipo mtsikana anangoti phwatha, kukhala pansi ndi diresi lake lonse loyera. Palibe anamukhudza. Mayi Pacheco anali mapazi asanu ndi atatu kuchokera pamenepo. Koma anali ndi foloko m'manja ndi nkhope ija, ndipo mafoni mazana awiri anali m'mwamba.

Chimene mafoniwo sanajambule, chifukwa eni ake anali kalikiliki kutumiza, ndi ichi. Mkwati anangoima, kuopa kudetsa nsapato zake. Wojambula anakumbatira makamera. Amene analowa kukadzutsa mtsikanayo ndi Mayi Pacheco. Anamutengera kuseri kwa nyumba yosungira zida, kumutsuka diresi ndi payipi, kumuveka magambuti awo, uku akumukalipira ngati mwana wawo.

"Ukulira chiyani? Ndowe zimachoka. Koma uyo wakusiya m'ndowe tsiku loyamba uyo, ameneyo ndiye uzimuyang'anitsitsa."

Mtsikanayo anaseka misozi ili m'masaya. Magambutiwo sanabweze mpaka pano.

Lolemba Bwana Prentice anawaitana Mayi Pacheco. Kumwetulira kuja kunali kutatha.

"Ndani anakulolani kuthira ndowe sabata ya maluwa?"

"Kuthira manyowa ndi ntchito yanga, bwana. Zalembedwa papepala limene munandipatsa inu nomwe. Tsiku simunalembe."

"Mwachititsa manyazi paki yonse. Muzichotse lero."

"Foloko ili panjapo. Kazichotseni. Koma muyambe mwavula tayi."

Palibe anazichotsa. Desmond anati msana wamugwira, ena onse anati chimfine. Ndowe zinakhala pomwepo mpaka duwa lomaliza linagwa lokha, popanda woligwedeza. Koma bwanayo anawapatsa Mayi Pacheco kalata yowachenjeza, nkuwasamutsira kumpoto kwa mzinda, kukatchetcha udzu pamabwalo a mpira, kumene kulibe mtengo ngakhale umodzi woti munthu akangane nawo. Mabasi awiri kupita, awiri kubwera, munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Amene anakweza chingwe akujambulabe maukwati. Amene anakana mpanda akumwetulirabe muofesi. Mzinda uno ndi wotero.

Mu Juni Mayi Fenwick anabwera ndi ndodo yawo ndi chitini cha penti. Desmond ndi amene anaimba foni kumpoto. Anati ndodo inalowa, inapitirira pofiira paja, katswiri mpaka anatsala pang'ono kugwa chafufumimba. Penti inabwerera m'galimoto osatsegulidwa.

Mayi Pacheco anazimitsa makina otchetchera kuti amve bwino. Kenako anati, "Wauthirira sabata ino? Ndikudziwa sunauthirire. Pita ukauthirire." Nkudula foni.

Loweruka lapitali Mayi Pacheco analowa pamalo omwera khofi paja kudzagula buledi. Mlamu wanga, amene alibe mantha chifukwa alibenso nzeru, anawafunsa pamaso pa anthu onse ngati n'zoona kuti anathira mkwatibwi ndowe. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Ndowe zabwinobwino ngati zija ndikawonongere mkwatibwi? Ine ndinathira mtengo. Mtsikanayo anakhalapo yekha."