Madzi Ofiira a mu Yorodano

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga, mphunzitsi wa ku Dedza, anawasamutsira ku Misuku. M'tchalitchi chathu, pakhoma la kuseri kwa guwa, panali chithunzi cha ubatizo wa Yesu. Anachijambula a Kayuni, mlimi wa khofi, manja awo asanayambe kunjenjemera. Nkhunda inali yoyera, thambo lotseguka, koma madzi amene Yesu anaimamo anali ofiira ngati a m'khwawa mvula ikagwa.

Loweruka lina, mawa lake ndikubatizidwa, ananditumiza kukasesa m'tchalitchimo. Ndinali mwana wodana ndi litsiro, komanso, ndivomere, wodziyesa wotsogola kuposa ana a kumapiri. Ndinaganiza kuti denga linadontha n'kutsitsira matope pachithunzipo, ndipo anthu akuno sakuonapo vuto. Ndinatenga sopo ndi chiguduli n'kuyamba kukwecha. Kufiira kuja kunachoka, koma kunachoka ndi mtsinje womwe. Yesu anatsala ataima pakhoma lopanda kanthu, ndipo apo mpamene ndinadziwa kuti ndafufuta utoto.

Palibe anandiona. Ndinachita mantha kwambiri. Ndikaulula, akulu a mpingo akanatha kundichotsa pagulu la obatizidwa. Ndikabisa, ndikanalandira madziwo ndili ndi bodza mumtima. Ndinakhala pabenchi nthawi yaitali, manja akununkha sopo, kenaka ndinatsetsereka ulendo wa kumunda kwa a Kayuni.

Ndinawapeza akuthyola khofi. Ndinagwada n'kunena zonse, mawu akutuluka modukaduka. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti munthu wotunga kumunsi kwa ochapa amapeza madzi otani. Ndinayankha kuti akuda.

"Ndimo, mwana wane," anatero m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka. "Tsiku la ubatizo lija khamu lonse linali litasamba kale machimo ake mu Yorodano. Yesu anabwera pambuyo. Sanadikire kuti madzi ayere."

Anakumba katondo m'mphepete mwa munda, n'kumusakaniza ndi phala la chinangwa m'kachitini. Tinakwera limodzi kubwerera kutchalitchi pang'onopang'ono, iwo akupumira panjira. Titafika anayesa kukweza dzanja, koma linagwedezeka mpaka dothi linadonthera pansi. Anandipatsa kachitiniko.

"Paka ndiwe. Usamusiyire malo oyera."

Ndinapaka ndi zala zanga kuzungulira mawondo a Yesu, misozi ikutsika. Mafunde anga anali okhotakhota, osafanana ndi awo, koma iwo anati ali bwino. Mawa lake ndinabatizidwa chithunzicho chisanaumitsitse, iwo atakhala pabenchi yakutsogolo.

Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti chimene ndinaphunzira tsiku lija n'kuulula ukalakwa. Lero, nditakula ndi kulakwa zazikulu kuposa apo, ndikumvetsa zina. Nthawi zonse ndimafuna kuyamba ndadziyeretsa ndisanaonekere pamaso pa Mulungu, pamene Iye analowa kale m'madzi amene ine ndinadetsa.