Mchere Umene Sanathire

M'mawa uliwonse, asanawiritse madzi a tiyi, amayi Selina Chirwa amakwecha mphika ndi mchenga. Mkati mwake mumakakamira zoyera, ndipo iwo ankati ndi ukalamba wa mphika basi. Amakhala kumtunda kwa Kande, kutali ndi nyanja, ndipo amatunga pa mjigo wa kuseri kwa nyumba yathu ife anansi awo, umene unakumbidwa zaka khumi zapitazo.

Amuna awo, a Jacob, anali asodzi a usipa mpaka tsiku limene anagwa n'kufa ziwalo mbali ya kumanzere. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri, asiye mchere, apo ayi adzagwanso. Amayi Selina anamvera. Mchere anaubisa kudenga, ndiwo n'kumaphika zosakolera. A Jacob ankadya kondowole akung'ung'udza. Koma mwezi ndi mwezi, akakawayeza, magazi sankatsika.

Tsiku lina kunabwera a Tiyamike, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Dedza.

"Amayi, mukuwathirira mobisa eti? Chikondi chinachi n'chakupha."

"Afunseni eni akewo."

"Andithirire amenewa?" anatero a Jacob, lilime likulemera. "Ngakhale misozi amandimana."

A Tiyamike anaseka, napempha madzi akumwa. Atangomwa pang'ono anatembenuka n'kulavula.

"Madzi ake ndi amenewa?"

"A pa mjigo. Paja munati a kunyanja ali ndi kolera."

"Amayi, muli mchere umu."

Amayi Selina analawa, koma sanamve kanthu. Tonse a kumtunda kuno malilime anazolowera kalekale.

A Tiyamike anati sangalumbire kuti vuto ndi lomwelo, koma kufikira madziwo atayezedwa, a Jacob azimwa a kunyanja, owiritsa kapena othira mankhwala. Kuti oyezawo adzabwera liti, sananene.

Kunyanja ndi ulendo wa ola lathunthu kupita ndi kubwera, ndipo chitunda chili pobwerera. Amayi Selina ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, mawondo ndi otupa, ana onse ali ku Joni. Alendo atapita, amayiwo anakhala pakhonde nthawi yaitali akusisita bondo.

M'mawa mwake anadutsa pa mjigo osaima, ndowa yopanda kanthu ili m'manja. Anzawo a pamzere anawaitana. Iwo anangokweza dzanja, nayamba kutsika njira ya kunyanja, akuponda mosamala pa miyala.